Kodi timange bwalo lomenyanirana osewera okhaokha m'masewera athu?

Mmisiri_47

Moni nonse a pa gulu lino. Ambiri mukudziwa kuti ndine mmodzi mwa anthu atatu amene takhala tikupanga masewera athu a pa intaneti kwa zaka ziwiri tsopano, ndipo mukudziwanso kuti kuyambira pachiyambi tinawakonza kuti osewera azigwirizana polimbana ndi zilombo, afiti ndi mizimu ya m'mapanga, osati kutembenukirana okhaokha. Koma kwa miyezi ingapo, anzathu amene anafika pa levulo 40, yomwe ndi yomaliza, akhala akudandaula kuti akapha Napolo, chilombo chachikulu cha m'masewerawa, kawiri katatu sapezanso chochita, ndipo akupempha kuti timange bwalo lomenyanirana osewera okhaokha. Maganizo anga ndi akuti bwalolo likhale lotchingidwa pakati pa mudzi waukulu, munthu azilowamo mwa kufuna kwake, nkhondo izikhala ya mmodzi ndi mmodzi kapena atatu ndi atatu, ndipo wogonja asamataye katundu wake. Mnzanga wojambula zithunzi sakugwirizana nazo, akuti tiwononga mtendere umene anthu amakondera masewerawa. Chovuta n'chakuti tonse atatu timagwira ntchitoyi usiku tikaweruka kumene tinalembedwa, ndipo bwaloli lingatidyere miyezi inayi, yomwe tikanamangira dera la kunyanja limene tinakulonjezani. Safunsa anadya phula, n'chifukwa chake ndabwera kwa inu amene mumasewera tsiku ndi tsiku: kodi timange bwaloli kapena tilisiye?

Chiphaliwali_Kawale

Mangani, achimwene, musazengereze. Chilombo cha kompyuta chimamenya chimodzimodzi tsiku lililonse, moti ine ndinaloweza kale kuti Napolo akatukula mchira kachitatu ndiyenera kudumphira kumanzere. Munthu mnzanga yekha ndiye angandidzidzimutse. Amene sakufuna asalowe, ndipo nkhani yathera pomwepo.

Sing'anga_wa_Biwi

A Chiphaliwali, nkhani siithera pomwepo ayi. Ine ndimasewera ngati sing'anga, ntchito yanga ndi kuchiritsa anzanga akavulala, ndipo chimene chinandisunga m'masewerawa kwa chaka chathunthu n'chakuti palibe amene amandiona ngati nyama yoti asake. Mawu akuti "wofuna yekha" ndi osavuta kunena koma ndi ovuta kuwasunga. Tsiku limene lupanga labwino koposa lidzayambe kupezeka m'bwalo mokha, gulu lililonse lopita kwa Napolo lidzayamba kufunsa kuti, "Kodi muli ndi zida za m'bwalo?" ndipo ife osamenyana tidzasiyidwa pakhomo pa phanga. Palibe amene adzatikakamize ndi pakamwa, komabe tidzakakamizika ndithu. Chachiwiri ndi ichi: omenyana adzayamba kudandaula kuti sing'anga sakuphedwa msanga, a Mmisiri adzachepetsa mphamvu ya mankhwala anga kuti awasangalatse, ndipo amene adzalephere kupulumutsa gulu lake kuphanga ndine, amene sindinapondemo m'bwalomo. Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu.

Kamba_Area25

Ndipemphe kuti tisiyanitse zinthu ziwiri, chifukwa mantha ambiri a anthu amachokera ku kuphana kwa m'tchire, osati kwa m'bwalo. Masewera a Ultima Online, amene anatuluka mu 1997, ankalola munthu kupha mnzake kunja kwa mzinda n'kumulanda zonse zimene wanyamula. Wokumba miyala ankatha kugwira ntchito madzulo onse, pobwerera n'kukumana ndi achiwembu panjira, n'kufika kumzinda chimanjamanja. Madandaulo anachuluka mpaka mu 2000 opanga masewerawo anagawa dziko pawiri: Felucca, kumene kuphana kunapitirira, ndi Trammel, kumene munthu sangakumenye iwe usanavomere. Ambiri anasamukira ku Trammel, zomwe zikusonyeza kuti anthu ofuna mtendere ngati achemwali athu a ku Biwi ndi ochuluka kuposa mmene omenyana amaganizira.

Koma palinso mbali ina. Mu Disembala 2007 a RuneScape anathetsa kuphana m'dera lawo lotchedwa Wilderness, pofuna kuthana ndi anthu ogulitsa golide wa m'masewera ndi ndalama zenizeni. Osewera anakwiya kwambiri, ndipo patapita zaka zitatu, atachititsa voti, anabwezeretsa kuphanako mu Febuluwale 2011. Apa ine ndikuonapo ziwiri: okonda kumenyana alipo ndipo sasiya msanga, komanso chinthu chimene wapereka kale kwa osewera n'chovuta kuchilanda. Choncho a Mmisiri, ngati mumange bwaloli, mulimange mukudziwa kuti simudzaligumula popanda phokoso. Zimene mwafotokozazi, bwalo lotchingidwa lopanda kulandana katundu, n'zofatsa kuposa zonse ziwirizi, ndipo ine ndikuzivomera.

Sing'anga_wa_Biwi

Zikomo a Kamba, koma mwayankha mantha amene ine ndilibe. Sindikuopa kulandidwa katundu panjira. Ndikuopa zida ndi kusintha kwa mphamvu, ndipo mpanda wa bwalo sungatchinge zimenezo.

Wamivi_Area18

Achemwali akunena zoona, ndipo ine ndinazionera pafupi chifukwa ndinasewera World of Warcraft kwa zaka zingapo ndili kusukulu kunja. Mabwalo awo anabwera mu 2007 pamodzi ndi gawo la The Burning Crusade, ndipo anthu ankamenyana awiri awiri, atatu atatu kapena asanu asanu. Vuto linali lomwe achemwali atchulali. Luso limodzi lomwelo linkagwira ntchito pa chinjoka komanso pa munthu, pomwe chinjoka chili ndi moyo wochuluka kwambiri kuposa munthu, ndiye nkhonya yoyenera chinjoka inkagwetsa munthu nthawi yomweyo. Anachita kuwonjezera mphamvu yapadera pa zida za m'bwalo, yotchedwa resilience, kuti munthu asamafe msanga, ndipo zotsatira zake zinali zakuti wobwera kumene wopanda zidazo ankangomenyedwa kwa masabata angapo asanayambe kupambana. Ambiri ankasiyira pomwepo.

Masewera ena anaphunzirapo. Mu Guild Wars 2, amene anatuluka mu 2012, ukalowa m'bwalo levulo yako ndi zida zako za kunja sizikhalanso ndi ntchito, aliyense amapatsidwa mphamvu zofanana, ndipo wosewera wa tsiku limodzi amaima pa mzere umodzi ndi wa zaka zisanu. A Final Fantasy XIV anapita patsogolo mu 2017 pogawiratu maluso pawiri, ena a m'bwalo ndi ena a kunja, kotero kuti akachepetsa mphamvu ya ochiritsa m'bwalo, ochiritsa a kumapanga sakhudzidwa n'komwe. Ngati a Mmisiri angatsate njira imeneyi, madandaulo onse awiri a achemwali ayankhidwa. Ngati sangathe, ine ndikhala kumbali ya okana.

Mmisiri_47

A Wamivi, mwandipatsa ntchito yaikulu. Tili ndi mitundu inayi ya osewera, wa mkondo ndi chishango, wa mivi, wa matsenga ndi sing'anga, ndipo aliyense ali ndi maluso khumi ndi awiri. Kugawa pawiri ndiye kuti ndisamale manambala a maluso 96 m'malo mwa 48. N'zotheka, chifukwa zithunzi ndi mayendedwe ake sizisintha, koma nthawi yoyesa idzachuluka.

Wamivi_Area18

Simukuyenera kulowetsa maluso onse m'bwalo. Sankhani asanu ndi limodzi pa mtundu uliwonse, akhala 24 okha, ndipo munthu wosewera pa foni adzakuthokozani chifukwa mabatani khumi ndi awiri sakwana bwino pa galasi la foni pamene zala zikunjenjemera.

Waya_Kanengo

Ine ndimagwira ntchito yokonza ma netiweki, ndipo ndikufuna kubweretsa nkhani imene palibe waitchula. A Mmisiri ananena kale pa gulu lino kuti seva yathu, kompyuta yaikulu imene imayendetsa masewerawa, ili ku Frankfurt ku Germany chifukwa kumeneko lendi yake ndi yotsika. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Frankfurt ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 7,500 mukawongola ngati mbalame, ndipo kuwala m'chingwe cha faiba kumayenda makilomita pafupifupi 200 pa milisekondi imodzi. Ndiye kuti ngakhale chingwe chitawongoka bwanji, uthenga sungapite n'kubwerera pasanathe mamilisekondi 75. Koma chingwe sichiwongoka, chifukwa dziko lathu silinagundane ndi nyanja yamchere, ndiye uthenga umayamba wadutsa m'maiko oyandikana nawo kukafika kugombe, kenako n'kuyenda pansi pa nyanja. Ine ndikayeza pa laputopu yanga kuno ku Kanengo ndimapeza ping, kapena kuti nthawi imene uthenga umatenga kupita n'kubwerera, ya mamilisekondi pafupifupi 200, ndipo madzulo anthu akachuluka pa netiweki imadumpha kuposa pamenepo.

Polimbana ndi Napolo kuchedwa kumeneku sitikumva, popeza iye amatichenjeza kwa masekondi awiri asanamenye. Polimbana ndi munthu n'zina. Mnzathu wa ku Leeds kapena ku Dublin, amene ali pafupi ndi seva, adzaona mkondo wanga ukubwera n'kutchinga, pomwe ine ndidzaona wake utandilasa kale. Johannesburg ili pa makilomita pafupifupi 1,500 okha kuchokera kuno, ndipo makampani akuluakulu a maseva alipo kumeneko ndi ku Cape Town. Ndikupempha kuti seva ya bwalo ikakhale kumeneko, ngakhale ya dziko lonse itatsala ku Frankfurt. Komanso nkhondo yake isakhale yodalira kuthwanima kwa diso. Mu World of Warcraft munthu amadikira pafupifupi sekondi imodzi ndi theka pakati pa maluso ambiri, ndipo kudikira kotereku kumapatsa mpata wa kuganiza kwa amene netiweki yake ndi yofooka.

Chiphaliwali_Kawale

Nkhondo yodikirana si nkhondo, a Waya. Liwiro la zala nalonso ndi luso.

Waya_Kanengo

Ndi luso ngati nonse awiri muli pa msewu wofanana. Ngati wina ali pa faiba ya ku ofesi ku City Centre ndipo wina ali pa bandulo ya usiku ku Kauma, chimene mukuyezacho si zala, ndi thumba.

Nyali_Chinsapo

A Waya andikumbutsa zimene zinandichitikira mwezi watha m'masewera ena a pa foni, amene ali ndi bwalo lotere. Ndinapambana nkhondo zinayi zotsatizana, ndipo yachisanu ikanandikweza kupita gulu lapamwamba. Tili pakati pa nkhondoyo magetsi anazima, rauta inazima nawo, ndipo pamene ndinkasinthira ku data ya m'foni, ndikuunika ndi tochi kuti ndikande khadi la mayunitsi limene ndinasunga m'chikwama, mphindi ziwiri zinatha. Nditalowanso ndinapeza andichotsera mapointi ngati munthu wothawa nkhondo, anandiletsa kulowa m'bwalo kwa theka la ola, ndipo anzanga awiri a m'gulu, amene sindikuwadziwa n'komwe, anali atandilembera mawu achipongwe. Opanga masewerawo amaganiza kuti aliyense wochoka pakati pa nkhondo wachita dala. Inu a Mmisiri mumakhala kuno, mukudziwa mmene magetsi amachitira nafe, choncho musadzatengere lamulo limenelo osaliganizira.

Dzuwa_Area49

Achimwene a ku Chinsapo, gulani kabatire kakang'ono ka rauta, kamene kamalowa pakati pa soketi ndi rautayo. Rauta sidya magetsi ambiri, ndipo kanga kamaisunga kwa maola angapo. Amene ali ndi sola angolumikiza pa batire ya 12V ngati rauta yawo ndi ya mphamvu yomweyo, koma ayambe awerenga zolembedwa kunsi kwake.

Kamba_Area25

Batire imathandiza pa magetsi pokha. Kumbukirani pa 12 Meyi 2024, pamene zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi SEACOM zinaduka kufupi ndi gombe la South Africa, intaneti inavuta kuno ndi m'maiko angapo a kum'mawa kwa Africa kwa masiku ndithu. Ena akuti Starlink, yomwe inayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2023, ndiye yankho, koma si aliyense angakwanitse kugula chida chake, ndipo masewera athu ambiri amawasewera ndi ana a sukulu pa foni zobwereka.

Mmisiri_47

Tibwerere ku funso la a Nyali, chifukwa landigwira mtima. Vuto langa ndi lakuti seva singasiyanitse munthu amene magetsi amuzimira ndi munthu amene wazimitsa data dala ataona kuti akugonja. Ndikawakhululukira onse, anthu achinyengo sadzagonjanso. Ndikawalanga onse, ndilanga osalakwa. Alipo ali ndi nzeru pamenepa?

Mphunzitsi_Likuni

Ndiyesako, a Mmisiri, ndipo ndiphatikizapo nkhani ya mapointi chifukwa ziwirizi zimayendera limodzi. Pa za kuduka kwa netiweki, nkhondo iziima kwa masekondi 60 kudikira wodukayo. Akapanda kubwera, iye yekha awerengedwe kuti wagonja, anzake a m'gulu asachotseredwe kanthu, ndipo kuduka koyamba pa tsiku kusamabwere ndi chilango china choposa kugonjako. Wachinyengo sapindula, popeza kugonja kwake kwalembedwa ndithu, ndipo wosalakwa sakhomedwa kawiri.

Pa za mapointi, ine ndimaphunzitsa masamu ndipo ndimayang'anira kalabu ya chesi pasukulu pathu, kumene timagwiritsa ntchito njira ya Arpad Elo, yomwe bungwe la chesi la dziko lonse, FIDE, linayamba kuitsata mu 1970. Mwa njira imeneyi, ngati wina akuposa mnzake ndi mapointi 200, amayembekezeka kutenga pafupifupi 76 pa 100 ya zopambana, ndipo akamuposa ndi 400 mwayi wake ndi khumi kwa mmodzi. Ukagonjetsa wokuposa umalandira mapointi ambiri, ukagonjetsa wochepa umalandira ochepa kwambiri. Njirayi ndi yabwino, koma imafuna anthu ochuluka kuti kompyuta ipeze awiri ofanana mphamvu. Ine ndikalowa madzulo ndimapeza anthu ngati makumi anayi m'dziko lonse la masewerawa. Tinene kuti khumi okha ndi amene akufuna bwalo, ndipo mwawagawanso kuti ena akudikira nkhondo ya mmodzi mmodzi, ena ya atatu atatu. Munthu adzadikira mphindi makumi awiri bandulo ikutha, kenako kompyuta idzatopa n'kumupatsa a Chiphaliwali, amene adzamugwetsa m'masekondi khumi. Mwana ameneyo sadzabweranso, ndipo patatha mwezi m'bwalomo mudzatsala anthu asanu omwe omwewo.

Malangizo anga ndi akuti muyambe ndi mtundu umodzi wokha wa nkhondo, ndipo bwalo lisamatsegulidwe tsiku lonse. Lizitsegulidwa masiku odziwika, mwina Lachitatu ndi Loweruka kuyambira 7 koloko mpaka 9 koloko usiku, kuti ofuna onse azikumana nthawi imodzi. Msika wa tsiku lodziwika umadzaza kuposa golosale yotsegula usana ndi usiku.

Chiphaliwali_Kawale

Aphunzitsi, zoti ndingagwetse mwana m'masekondi khumi sindikukana, koma sindizo ndikufuna. Ndikufuna wondiyesa mphamvu. Za masiku odziwikazo ndavomera. Chimene sindikuvomera ndi chakuti bwalo likhale lopanda mphotho yeniyeni. Ine ndinatha miyezi itatu ndikusaka chishango changa, ndiye mukuti ndikalowa m'bwalo ndichisiye pakhomo, ndipo ndikapambana ndituluke ndi nthenga ya pachipewa basi? A Wamivi sananene kuti World of Warcraft yomweyo inayesa kupatsa aliyense mphamvu zoikiratu mu 2016, ndipo inazichotsa mu 2018, popeza anthu ankafuna kuti zida zimene anavutikira zizioneka ntchito yake.

Gogo_wa_Bawo

Mwanawe wa ku Kawale, ndilole ndiyankhe monga wamkulu, pakuti ine ndinalowa m'masewerawa chifukwa cha mdzukulu wanga ndipo ndili ndi zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi. Ndasewera bawo pansi pa mtengo ku Mchesi kwa zaka zambiri. Bawo ili ndi maenje 32 ndi njere 64, ndipo palibe amene amabwera ndi njere zake za kunyumba kuti pakuti iye ndi katswiri ayambe ndi zochuluka. Wamkulu ndi mwana amayamba mofanana, ndipo n'chifukwa chake kupambana kwake kumakoma. Palibenso amene amalandira mbuzi akapambana, koma anthu amakhala pamenepo mpaka dzuwa kulowa, ena ataimirira kumbuyo akuwerenga maenje chamumtima. Mphotho ya katswiri wa bawo ndi yakuti akamafika anthu amamupatsa mpando. Choncho a Mmisiri, ngati mumange bwaloli, mumangenso pokhala oonerera, kuti ife okalamba ndi amayi a ku Biwi aja tizikhala pamenepo tikuona. Dzina la wopambana lilembedwe pa chipata cha mudzi kwa mwezi wathunthu. Ukadzaona dzina lako pamenepo, mwanawe, sudzafunsanso za chishango.

Sing'anga_wa_Biwi

Agogo, mwalankhula zimene zinali mumtima mwanga. Kuonerera ndingabwere ndithu. Koma a Chiphaliwali akapatsidwa chida champhamvu ngakhale chimodzi chochokera m'bwalo, ndiye kuti tabwerera pamene ndinayambira.

Wamivi_Area18

A Chiphaliwali anena zoona pa za 2016 ndi 2018, ndipo sindinabise dala. Kusiyana kwake n'kwakuti masewera amenewo anali atazoloweretsa anthu kwa zaka pafupifupi khumi kuti zida zimapambanitsa, ndiye kuwalanda kunawawa. Ife tikuyamba kumene ndipo palibe chimene tikulanda munthu. Chishango chanu chizioneka m'bwalo monga chilili, aliyense aone kuti munachivutikira, koma manambala ake akhale ofanana ndi a mnzanu.

Mayi_wa_Awiri_Area23

Ine sindisewera kwambiri, koma anyamata anga awiri, wa Folomu 2 ndi wa Sitandade 8, amasewera pa foni yanga, ndipo ndinalowa pa gulu lino kuti ndizidziwa zimene akuchita. Nkhawa yanga ndi juga. Pamene pali anthu awiri opikisana, pamabwera wachitatu wonena kuti tiikepo kanthu. Lero adzabetcherana golide wa m'masewera, mawa wogonja adzafuna kugula golide wina kwa mnzake ndi ndalama za pa foni, ndipo foni yake ndi yanga, mmene ndimasungamo ndalama za bizinesi yanga ya zitenje. Tikuona tonse mmene kubetcha pa mpira kwalowerera achinyamata m'makwalala athu. Sindikufuna kuti khomo lina litsegukire m'nyumba mwanga momwe.

Kamba_Area25

Mayi, nkhawa yanu ili ndi umboni. Old School RuneScape inali ndi malo otchedwa Duel Arena, kumene anthu awiri ankaika chuma chawo cha m'masewera n'kumenyana, wopambana n'kutenga zonse. Malowo anasanduka nyumba ya juga, ogulitsa golide ndi ndalama zenizeni anakhazikika pomwepo, ndipo mu 2022 opanga masewerawo anawatseka n'kuika bwalo lina lopanda kubetcha. Ngati kampani yaikulu chotero inalephera kuweta chilombo chimenechi, anthu atatu ogwira ntchito usiku asayese n'komwe. Pasakhale batani loikira chikole, ndipo mphotho za m'bwalo zikhale zosagulitsika ndi zosapatsirana.

Mmisiri_47

Mayi, pa ichi chokha sindidikira voti. Sipadzakhala kubetcha m'bwalo, ndipo ndikulonjeza pamaso pa gulu lonse. Zimene anthu angapangane kuseri pa WhatsApp sindingazione, koma wopezeka akuitanira anzake ku zimenezo m'masewera adzachotsedwa.

Nachisale_Area36

Ndiwonjezere nkhani ya pakamwa. Ine ndimasewera wa matsenga ndipo bwaloli ndikulifuna, kotero musaganize kuti akazi tonse tili kumbali ya okana. Koma m'masewera ena amene ndinayesa, anyamata akangodziwa kuti wawagonjetsa ndi mkazi, mawu amene amalemba sindingawabwereze pano pamene pali agogo ndi amayi. Kugonja kumawawa, ndipo munthu wopsa mtima akakhala ndi polemba pafupi amalemba zimene sanganene maso ndi maso. Mu Final Fantasy XIV, pa nkhondo zawo za asanu asanu zotchedwa Crystalline Conflict zimene zinabwera mu 2022, anthu okumanitsidwa ndi kompyuta salemberana mawu awoawo, amangosankha pa mawu okonzedwa kale. Ifenso tingachite chimodzimodzi m'Chichewa chathu: "Tiyeni kutsogolo," "Bwererani," "Ndithandizeni," "Mwasewera bwino." Mawu anayi kapena asanu ndi okwanira pa nkhondo ya mphindi zitatu, ndipo a Mmisiri sadzakhala ndi ntchito yoweruza milandu ya kutukwanizana usiku uliwonse.

Nyali_Chinsapo

Ndikugwirizana ndi achemwali a Nachisale. Mawu amene anandilembera tsiku la magetsi lija anandiwawa kuposa mapointi amene ndinataya.

Dzuwa_Area49

Koma palibe amene wayankha za dera la kunyanja. Ife ena takhala tikulidikira kuyambira chaka chatha, ndipo mapanga awiri avumbwitsa. Ngati bwalo lidye miyezi inayi, ndiye kuti anthu khumi asangalala pamene makumi atatu akudikirabe.

Mphunzitsi_Likuni

A Dzuwa afunsa funso loyenera, ndipo liyenera kupita ku voti, osati kugamulidwa ndi amene timalemba kwambiri pano. Old School RuneScape imafunsa osewera ake isanawonjezere zinthu zikuluzikulu, ndipo chinthu sichidutsa ndi theka lokha la mavoti: kale pankafunika 75 pa 100, tsopano ndi 70. Malire okwera chotero amateteza anthu ngati achemwali a ku Biwi kuti asakokedwe ndi gulu laphokoso. Voti yake ichitikire m'masewera momwemo, chifukwa ana ambiri amene amasewera sali pa gulu lino.

Mmisiri_47

Ndawerenga zonse kawiri ndipo ndakambirana ndi anzanga awiri aja pa foni usiku uno. Bwalo limene ndinabwera nalo m'mawa linali la miyezi inayi chifukwa ndinkaganiza za mitundu iwiri ya nkhondo, zida zapadera ndi sitolo yake. Mukachotsa zimenezo, monga mwalangizira, latsala laling'ono: nkhondo ya mmodzi ndi mmodzi yokha, maluso asanu ndi limodzi pa mtundu uliwonse okhala ndi manambala akeake, mphamvu zofanana, mipando ya oonerera, mawu okonzeratu, ndi dzina pa chipata. Limeneli tingaliyese m'masabata asanu ndi limodzi, pogwiritsa ntchito bwalo la mfumu limene lilipo kale m'mudzi waukulu, ndiye mnzanga wojambula apitiriza dera la kunyanja osasokonezedwa. Iye wavomera pokhapokha voti ikadutsa 70 pa 100, ndipo tiika bokosi la voti pa chitsime cha m'mudzi kuyambira Lolemba mpaka Lamlungu. Chimene sindinathe kuchithetsa ndi sing'anga, pakuti pa nkhondo ya mmodzi ndi mmodzi wochiritsa alibe womuchiritsa koma iye mwini, ndipo nkhondo yotere ingathe kukhala yosatha. Za seva ya ku Johannesburg, a Waya, ndikufuna tikumane kuti tiwerengere limodzi mtengo wake pa mwezi, chifukwa timalipira m'madola kuchokera m'matumba mwathu.

Waya_Kanengo

Loweruka masana ndidzakhala ku Old Town, ndipo ndibwera ndi laputopu kuti tidzayeze ping ya ku Johannesburg pa netiweki ziwiri zosiyana musanalipire kalikonse. A Nyali, ngati mungathe, mudzayezenso kwanu ku Chinsapo nthawi ya 8 koloko usiku, pakuti nthawi imeneyo ndi imene bwalo lizidzakhala lotsegula.

Sing'anga_wa_Biwi

A Mmisiri, pa voti ine ndidzakanabe, chifukwa mtima wanga uli ku dera la kunyanja, ndipo ndikufuna lonjezo la manambala osiyana lilembedwe pa bokosi la voti kuti aliyense aliwerenge asanasankhe. Koma za sing'anga musavutike nazo nokha. Ikani malire a mphindi zitatu, ndipo ikatha mphindi yachiwiri mankhwala aziyamba kuchepa mphamvu pang'onopang'ono mpaka wina agwe. Ngati voti idutsa ndipo mukufuna woyesa zimenezi bwalo lisanatsegulidwe kwa onse, ndiitaneni Lachitatu lililonse ndikaweruka, ndipo a Chiphaliwali abwere ndi mkondo wawo.